Kutsika Phiri Nditamanga Chitenje

Akazi otsetsereka pa chipale chofewa ndinawaona koyamba Lamlungu lina masana, mwezi wa Febuluwale chaka cha 1980, titangobwera kumene ku tchalitchi. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Tinkakhala m'fulati ina ku Silver Spring, m'chigawo cha Maryland ku Amereka, chifukwa boma la kwathu linali litatumiza bambo anga kukagwira ntchito ku Washington. Tsiku limenelo bambo anali atagona pa sofa nyuzipepala ili kumaso, ine nditakhala pansi pakati pa miyendo ya amayi, iwo akundimasula tsitsi. TV inali chiyatsire. Kwathu ku Malawi nthawi imeneyo TV kunalibe, ndiye m'nyumba mwathu bokosi limeneli sitinkalipumitsa. Tinkaonera chilichonse, ngakhale otsatsa chakudya cha agalu.

Chaka chimenecho mpikisano waukulu wa mayiko wa masewera a nyengo yozizira unkachitikira ku Amereka komweko, kumapiri a kumpoto. Anationetsa kanyumba kamatabwa pamwamba pa phiri loyera mbee. Pakhomo pake panaima mkazi, chisoti kumutu, ndodo ziwiri m'manja, kumapazi atamangirira timatabwa tiwiri tatitali timene amati masikii. Chovala chake chinali chothina kuyambira m'khosi mpaka kumapazi. Belu linalira, iye n'kudziponya kunsi. Sanatsike ngati munthu woopa kuterereka ayi. Anapinda mawondo, n'kuwerama, ndodo m'khwapa, mitengo n'kumangothawira kumbuyo kwake. Pena masikii ankachoka pansi, iye n'kuuluka kamtunda ndithu, n'kutera osagwa. Wolengeza anati liwiro lakelo likuposa la galimoto pamsewu waukulu.

"Kodi ana amenewa alibe makolo?" anatero amayi, chipeso chili m'malere.

Anabwera wachiwiri, kenako wachitatu. Wina anagwa n'kugubuduzika ngati thumba la chimanga lagwa pa lole, chipale chili koboo. Amayi anafuula mpaka bambo anadzidzimuka. Mkazi uja anadzuka yekha n'kukweza dzanja kusonyeza kuti ali bwino. Wolengeza atanena kuti mmodzi mwa opikisanawo ndi wokwatiwa, amayi anaomba m'manja kamodzi. "Ndiye mwamuna wakeyo ali kuti, mkazi akuyenda maliseche dziko lonse likuona?"

Ine sindinaseke. Moyo wanga wonse mawu amene ndinkawamva kwambiri anali akuti pang'onopang'ono. Yenda pang'onopang'ono, ndiwe mtsikana. Tseka chitseko pang'onopang'ono. Seka pang'onopang'ono, muli alendo. Ndinabadwa wopupuluma, miyendo italiitali, mawondo osapola zilonda, ndipo makapu ambiri a amayi anathera m'manja mwanga. Ndiye apa panali akazi amene ntchito yawo inali kupupuluma komweko, wotchi ikuwawerengera, khamu la anthu likuwachemerera kuti awonjezere moto. Palibe anaima m'mbali kuwakumbutsa za ulemu. Ndinati chamumtima, kani abale anga alipo, ali kuphiri uko. Sabata imeneyo ndinaba thireyi ya tiyi ya alendo n'kukatsetsereka nayo pa kachitunda ka kuseri kwa mafulati, mpaka thireyi inapindika pakati.

Vuto linali thalauzi. Achinyamata a lero akamva izi amaseka, koma kwathu nthawi imeneyo linali lamulo la dziko kuti mkazi asavale thalauzi kapena diresi yoonetsa mawondo. Lamulolo linali la ku Malawi, osati la ku Maryland, koma ife mabanja a antchito a boma tinkalinyamula m'masutikesi pamodzi ndi zitenje ndi usipa wouma. Palibe ankadziwa kuti ndani amauza ndani chiyani. Munthu ankatha kungoitanidwa kumudzi mwadzidzidzi, ndipo otsala sankafunsa chifukwa chake. Ndiye amayi athu ankaima pa siteshoni ya sitima za Metro mphepo ikulowa mpaka m'mafupa, atavala madiresi aatali, masokosi awiriawiri mkati, milomo itang'ambika. Ine kusukulu ndinali ndekha wa siketi yaitali, anzanga onse ali m'majinzi. Ankayesa ndife a mpingo wina wovuta, ndipo sindinkawatsutsa, poti kufotokoza zoona zake kunali kotopetsa.

Nyengo yozizira yotsatira ndinamva kuti pasukulu pathu pali gulu limene Loweruka lililonse limakwera basi kupita ku kaphiri kena ku Pennsylvania kukaphunzira masikii. Ankalitsogolera aphunzitsi athu a masewera, mzungu wamkazi wamfupi wa mawu aakulu, amene anachitako mipikisano ali mtsikana mpaka bondo linawavuta. Ndinasowetsa makolo anga mtendere. Ndinakana kudya, ndinakana kuyankha m'Chichewa, ndinkalira dala nthawi ya mapemphero. Bambo anali munthu wofatsa, wamantha, woti ngakhale nkhani za mpira ankazinena motsitsa mawu foni ikakhala pafupi. Mapeto ake anatopa nane. "Za sukulu sitiletsa," anatero. "Koma za zovalazo ukambirane ndi amayi ako."

Thalauzi lake linachokera kwa anti ena a ku Lusaka amene tinkapemphera nawo ku Takoma Park. Iwo ankagwira ntchito kubanki ina yaikulu ya mayiko, ndipo popeza lamulo lathu silinkawakhudza, ankavala zimene afuna. Anabwera nalo m'pepala, lakuda, la mwana wawo amene linamuchepera.

"Imwe ba Malawi muvuta maningi," anauza amayi. "Ni trousers chabe iyi. Mufuna mwana akafe na mphepo ku mountain?"

Amayi analitembenuzatembenuza ngati nsomba imene akuikayikira pamsika. Kenako anagamula: thalauzi livalidwe mkati, chitenje pamwamba, ndipo chimangidwe bwino. Ndinavomera msangamsanga. Basi ikangotuluka m'tauni, chitenje chija ndinkachimasula n'kuchipinda m'chikwama, pobwerera n'kuchimanganso tisanafike pamene bambo ankandidikirira. Pa zimenezo sindinapepesepo kwa munthu, ndipo sindiyamba lero.

Masabata oyamba ndinagwa mpaka matako anachita dzanzi. Tiana ta azungu timene tinayamba masikii tisanasiye kuyamwa tinkandidutsa uku ndi uku, ine ndili gone. Ndikafika kunyumba ndikutsimphina, amayi ankanditenthetsera madzi osamba uku akundinyogodola kuti walira mvula walira matope. Koma mantha ndinalibe, ndipo aphunzitsi aja anati chimenecho chokha ndi chimene sangathe kuphunzitsa munthu, zina zonse n'zotheka. Anandiphunzitsa kupinda mawondo, ndi kugonera kutsogolo pamene thupi lonse likufuna kubwerera m'mbuyo. "Tsegula miyendo!" ankakuwa m'Chingerezi phiri lonse likumva, ine n'kumathokoza Mulungu kuti amayi ali kutali. Pofika nyengo yozizira yachiwiri, wodutsa anthu ndinali ine. Mphepo inkanditulutsa misozi, mano akuwawa ndi kuzizira, koma pansi pa phiri ndinkafika ndikuseka ndekha ngati wamisala. Thupi lomwe lija loswa makapu kunyumba, kuphiri linalibe cholakwa chilichonse, ndipo ndinayamba kulikonda.

Kaphiri kathu kanali kakang'ono, munthu ankafika pansi asanayambe n'komwe kumva kukoma. Kutsika kwenikweni kuja ndinaona pa TV kumafuna phiri lalitali, ndipo mapiri otero anali kumpoto, ku Vermont. Chaka chimenecho kunakonzedwa mpikisano wa atsikana a masukulu a m'dera lathu, wodutsa pakati pa mbendera zozikidwa m'chipale. Ochita bwino ochepa okha ndi amene akanatengedwa pa tchuthi cha Malichi kupita kumpoto kuja, kukaphunzitsidwa sabata yathunthu pa phiri lenileni. Aphunzitsi anandiitanira pambali n'kunena kuti ndikangotsika mmene ndimatsikira masiku onse, malo amodzi ndi anga. Analankhulanso ndi bambo pa foni, bambo n'kuvomera kuti ndikapambana ndipita. Kuyambira pamenepo m'kalasi ndinkangokhala thupi lokha. Sindinafunepo chinthu china padziko mmene ndinafunira ulendo umenewo, ngakhale ukwati wanga sindinauyembekezere choncho.

Amayi anati adzabwera kudzaonerera. Zimenezo sizinandidetse nkhawa kwenikweni, chifukwa amayi anga ndinkadziwa powagwira. Chimene chinawononga zinthu ndi ulemu. Kwathu ukamadya munthu n'kudutsa, umati "tiyeni tidye", iye amati "zikomo" n'kupitiriza ulendo wake, nonse mukudziwa kuti mbaleyo ndi ya munthu mmodzi. Ku mapemphero a amayi a Lachinayi, nkhani ya mpikisano itatuluka, amayi anga anatembenukira kwa akazi a abwana a bambo, amene tonse tinkawatchula kuti Amayi Aakulu, n'kunena mwa mwambo chabe, "Mudzabwere mudzaone mwana wanu akusewera." Kusawaitana kukanaoneka ngati tikubisa kanthu. Amayi Aakulu, m'malo monena kuti zikomo, anati, "Ndidzabwera. Tidzakwere galimoto yanga, ndi yaikulu."

Amayi Aakulu sanali munthu woipa, ndinene chilungamo. Wina akadwala ankafika oyamba, atanyamula mandasi. Koma anali ndi maso oyeza siketi ali patali, ndipo chimene aona masana, amuna awo ankachimva pa chakudya chamadzulo.

Tsiku lake linafika, Loweruka lowala, lozizira koopsa. Ine ndinatsogola pa basi ndi anzanga, chitenje m'chikwama monga mwa masiku onse. Ndinali nditavala kale nambala yanga pachifuwa pamene ndinawaona akubwera kuchokera koimika magalimoto: azimayi awiri akuda, makhothi aatali, mipango kumutu, nsapato za ku tchalitchi, atagwirana manja, akuponda chipale ngati akuwoloka mtsinje pa mtengo. Amayi anali atakolekera fulasiki ya tiyi m'khwapa. Anthu onse ankawayang'ana. Ndinati ndithamangire kuchikwama, koma nsapato za masikii n'zolemera, munthu suthamanga nazo. Tinakumana nditangochitulutsa kumene, chitenje chili m'manja.

Ndinapinda bondo kupereka moni. Amayi Aakulu anayankha bwinobwino, koma maso awo anatsika kuchoka pankhope panga mpaka m'ntchafu, n'kukhazikika pamenepo. Amayi anga anaika fulasiki pansi, n'kutenga chitenje chija, n'kundimanga okha m'chiuno monga ankachitira ndili wamng'ono. Chinali chabuluu, cha maluwa achikasu, chofika mpaka pamwamba pa nsapato.

"Eya," anatero Amayi Aakulu. "Tsopano ndiye mwana wa ku Malawi."

Aphunzitsi atandiona pamzere wokwerera mipando yolendewera pa waya imene imakweza anthu kuphiri, anatutumuka. Anati nsaluyo ndivule, ingandikole. Ndinati ndikavula pamwamba. Anandisisita paphewa, n'kutsalira pansi kudikirira atsikana awo pomalizira.

Pamwamba panalibe aliyense wa kwathu. Panali bambo wina wa ndevu wogwira wailesi ya m'manja, ndi ife atsikana pamzere, aliyense akudumphadumpha kuti asaume. Pansi, kuseri kwa chingwe cha pomalizira, ndinkatha kuona timadontho tiwiri takuda, tosiyana ndi ena onse chifukwa sitinkasuntha. Dzanja langa linapita m'chiuno, pamene nsonga ya chitenje inapisidwa. Kuchimasula kunali kosavuta n'komwe. Ndikanachipinda n'kuchilowetsa m'jekete, palibe akanandiletsa.

Koma wotsika phiri amathera pansi basi. Ndikanafika m'thalauzi lothina, miyendo ili yotsegula, n'kukaima pamaso penipeni pa Amayi Aakulu. Ndinaona bambo anga atakhala mu ofesi ya abwana awo Lolemba m'mawa, manja pamawondo, akufunsidwa kuti kodi ana mukuwalera bwanji kuno. Ndinakumbukira banja lina limene linachoka chaka chapitacho osatsanzika, mpaka njinga ya mwana wawo inatsala pakhonde. Palibe anatiuza kuti analakwa chiyani, ndiye m'mutu mwanga chilichonse chikanatha kukhala chifukwa chake, ngakhale thalauzi la mwana wa sukulu. Bambo wa ndevu uja anaitana nambala yanga. Anayang'ana chitenje, n'kufunsa ngati ndikutsika nacho. Ndinati eya. Anapukusa mutu, koma anandilola.

Chitenje chomangidwa bwino sichilola mawondo kutalikirana. Ntchito yake ndi imeneyo. Nditangodutsa mbendera yoyamba ndinadziwa kuti zatha. Kuwerama kunakanika, kukhota mofulumira kunakanika, mphepo inalowa m'nsalu n'kuifufumitsa, n'kumandikokera m'mbuyo. Kuti ndisagwe ndinaimirira chilili, masikii ataphatikana, n'kumazungulira mbendera iliyonse patalipatali, mosamala, ngati mkazi wosenza ndowa yodzaza. Pakati pa phiri ndinayamba kulira, magalasi oteteza maso n'kuchita nkhungu. Ndinalakalaka nditagwa n'kuthyoka mwendo, kuti mwina anthu aziti anayesetsa koma tsoka. Sindinagwe. Ndinafika pansi bwinobwino, chitenje chosamasuka, chosanyowa ngakhale pang'ono.

Ndisanaime n'komwe ndinamva nthungululu. Amayi Aakulu anali atakweza manja onse awiri, akululuta ndi mphamvu zawo zonse, azungu akucheukira. Anadutsa pansi pa chingwe n'kudzandikumbatira.

"Watilemekeza, mwananga! Anzako onsewa amangothamanga ngati akuthawa moto, ena kugwa chagada, miyendo m'mwamba. Iwe wekha ndi amene watsika ngati munthu woleredwa." Anatembenukira kwa amayi. "Ndikawauza abambo kunyumba. Mwana uyu watimvetsa kukoma."

Ankanena za pansi pa mtima, ndipo n'zimene zinandipweteka koposa. Anafunsa kuti mphotho apereka nthawi yanji. Pa bolodi dzina langa linali pansi penipeni, pamwamba pa okhawo amene anagwa osamaliza. Aphunzitsi anabwera, anayang'ana chitenje, anayang'ana azimayi awiri aja, n'kundigwira dzanja. Sanandikalipire. Anangoti chaka chamawa chilipo. Amayi anga ananditsanulira tiyi m'chivundikiro cha fulasiki, osandiyang'ana kumaso.

Pobwerera sindinakwere basi. Amayi Aakulu anati mwana watopa, asavutike, ndiye ndinakhala kumpando wakumbuyo njira yonse mpaka ku Silver Spring, iwo akusimba za kutsika kwanga mobwerezabwereza, ulendo uliwonse nkhani ikukomerakomera. Mawa lake ku tchalitchi azimayi ankandigwira chanza kuti ndawayeretsa kumaso. Anti a ku Lusaka okha ndi amene anandikokera pambali n'kufunsa, "Manje unankhala number chani?" Nditawauza anati, "Ah, shuwa?"

Anzanga anapita ku Vermont mwezi wa Malichi, n'kubwera nkhope zitapsa ndi dzuwa, pali poyera pokha pamene panali magalasi. Ankasimba za phiri loti ukatsika miyendo imachita kunjenjemera usanafike pakati. Ndinkamvetsera ndikumwetulira, kenako n'kukadzitsekera kuchimbudzi cha sukulu kukalira. Chakudya sichinkandikomera. Chipale chinayamba kusungunuka m'mbali mwa misewu, chakuda ndi utsi wa magalimoto, ine n'kumadana ndi maluwa amene aliyense ankawasangalalira. Zinthu ziwiri zokha ndi zimene zinkandilimbitsa mtima. China chinali mawu a aphunzitsi aja, ndipo ndinali nditalumbira kuti chaka chamawa tsiku la mpikisano sindidzauza munthu. China chinali maganizo akuti mwina ndinapulumutsa ntchito ya bambo. Ndikawaona m'mawa akumanga tayi kuti akakwere Metro, ndinkati mumtima, pitani, simukudziwa chimene ndinakuchitirani.

Masukulu atatsala pang'ono kutsekera, ndinafika kunyumba masana n'kupeza makatoni ali mbwee pabalaza, amayi atakhala pansi akukulunga mbale m'manyuzipepala. Nthawi ya bambo inali itatha. Panalibe mlandu, panalibe amene anatineneza. Zaka zimene anawatumira zinangokwana, ndipo wina ankabwera kudzalowa m'malo mwawo. Tinkanyamuka mwezi wotsatira. Kwathu kumene tinkabwererako mapiri aliko, aakulu kuposa a ku Pennsylvania, koma chipale sichigwa.

Ndinaima pakhomo chikwama chili kumsana. Ndinafunsa m'Chingerezi, monga ndinkachitira ndikapsa mtima, kuti zimenezi azidziwa liti.

"Talankhula bwino," anatero amayi, osasiya kukulunga. "Bambo ako anauzidwa Khirisimasi isanafike."

"Ndiye tsiku lija kuphiri munkadziwa kale?"

"Tinkadziwa."

"Amayi Aakulu nawonso?"

"Akanalephera bwanji kudziwa, owauza bambo ako ali amuna awo?"

Ndinakuwa. Ndinanena zambiri zimene mwana sanena kwa kholo, zina m'Chichewa, zina m'Chingerezi. Ndinati bwanji osandiuza. Amayi anati nkhani za ulendo sauza ana, amakazilengeza kusukulu zisanapse. Ndinati ndinataya mpikisano poteteza ntchito ya bambo, pamene ntchito yake inali itatha kale. Ndinati chaka chamawa chimene ndakhala ndikudikira palibe, ndipo inu munkandiona ndikudikira. Ndinati munandimanga ndinu, ndi manja anu.

Amayi anaika mbale pansi. Sanakwiye, ndipo ndikanakonda akanakwiya.

"Ndinakumanga, eya. Pamaso pa amayi aja ndikanatani? Koma pamwamba paja unali wekha. Iwe wosamva chibadwire, unayamba liti kundimvera? Ine ndinkadziwa kuti ukafika uko uvula."

"Ndiye Amayi Aakulu akanati chiyani?"

"Akanang'ung'udza m'galimoto. Ine n'kukukalipira iwo akumva, n'kuwapepesa kuti ana a masiku ano, Amereka watiwonongera. Mawa lake n'kuwapititsira nkhuku yophikaphika. Nkhani n'kuthera pomwepo. Mwana amalakwa, kholo n'kupepesa, ndi mmene zimayendera." Anatenga mbale ina n'kuiyang'ana nthawi yaitali. "Njira yonse yopita kuja, iwo akuyendetsa galimoto, ine ndinkakonza mawu opepesera. Ndinali nditakonzeka. Nditakuona ukutsika ndi chitenje chija, ndinasowa powaika."

Ndinatula chikwama, n'kukhala pansi pambali pawo. Anandipatsa nyuzipepala, ndinayamba kukulunga mbale. Masikii sindinawavalenso mpaka lero.